Achimwene Hosea Sanawasankhenso

Akron, Ohio
9 Febuluwale

Okondedwa achemwali Vernita,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi shuga uja watsikako? Nanga chifuwa cha alamu a Purvis chinaleka? Kuno tilipo, kungoti chipale chofewa chatitsekera m'nyumba masiku atatu, ndipo bondo langa likundikumbutsa zaka zonse zimene ndinaimirira pafakitale ya matayala. Mayi a kunyumba kuno, a Loretta, akuthokoza mtedza munatumiza uja.

Mwina mwaona kale pa kanema. Achimwene Hosea sanawasankhenso kulowa m'nyumba yolemekezera ngwazi za mpira wa ku America, wovala mahelemeti uja, ku Canton. Chaka chino anafika pa mayina atatu omaliza mwa osewera akale, koyamba pa zaka makumi atatu zimene akhala akudikira. Osankha aja anakhala m'chipinda tsiku lonse, n'kutenga awiri, kusiya achimwene. Jekete lagolide lija limene amaveka osankhidwa lapita kwa ena.

Ndikulemba chifukwa pa nkhaniyi ndili ndi mlandu, ndipo ndi bwino muumve kwa ine.

Mu Novembala kunabwera mtolankhani, mayi Colleen Dombrowski, amene anapatsidwa mphindi zisanu zoti awalankhulire achimwene pamaso pa osankhawo. Anati za pabwalo akuzidziwa zonse, anthu amene achimwene anawagwetsa mpira uli m'manja, ndi zaka khumi ndi ziwiri zimene anasewera osajomba ngakhale kamodzi. Chimene ankasowa ndi mawu a wachibale woti anene kuti Hosea anali munthu wotani, poti eni ake mutu sukugwiranso. Ine ndinawaimika pakhonde, ngakhale khofi osawapatsa. Ndinawauza kuti munthu amene anasiya maliro a mayi ake chifukwa cha mpira, akafunse mpirawo kuti ndi wotani. A Loretta anandiponda phazi, ine osaleka.

Lachiwiri lapitali mayiwo anabweranso, atatenga a Virgil Stokes, amene ankaima phewa ndi phewa ndi achimwene pamzere wotchinga. Tsopano amayenda ndi ndodo ziwiri. Atangokhala pansi a Virgil anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiwe Wendell iwe? Hosea ankati mng'ono wake ali ndi mutu wa bulu. Ndaona sananame. Khala apo umve."

Achemwali, zimene tinkadziwa si zimene zinachitika. Amayi atamwalira Lachisanu lija la mu Disembala 1981, achimwene anasewera Lamlungu tikiti ya ndege ili m'thumba la jekete, kuti akangomaliza anyamuke. Chakumapeto anagundana mitu ndi wina mpaka helemeti inang'aluka. Anamaliza masewerowo ali chiimire, koma pofika kosinthira zovala anagwa. Anagona m'chipatala masiku atatu osadziwa ngakhale dzina lawo. Akuluakulu a timu anabisa nkhaniyo kuti awaseweretsenso Lamlungu lotsatira, ndipo ndi iwowo amene anatiimbira foni ija yoti Hosea watanganidwa ndi zokonzekera. Pamene ankatsitsimuka Lachinayi, amayi tinali titaika kale.

Ndinafunsa chifukwa chake achimwene sanatiuze zaka zonsezi. A Virgil anati anayesa kamodzi, pa chakudya cha tsiku lothokoza Mulungu la mu Novembala kunyumba kwanuko chaka chotsatira. Mukukumbuka inunso. Anangoti "Za maliro a amayi zija," ine n'kudzuka patebulo, kukwera galimoto. Kuyambira pamenepo akuti ankangonena kuti mwana woyamba amene sanaike mayi ake alibe chodziwiringulira.

Mayi Dombrowski sananene kuti mawu anga akanasintha mavoti. Anati zimenezo palibe angadziwe. Koma anandiuza kuti mmodzi mwa osankha anafunsa chifukwa chake mng'ono wa Hosea, wokhala naye tauni imodzi, wakana kumulankhulira.

Lachitatu ndinapita kunyumba yosungira okalamba kuja kumene kukukhala achimwene. Mukudziwa kuti ndimapitako pa Khirisimasi pokha, a Loretta akachita kundikoka. Ndinawapeza atawakhazika pawindo, manja akuluakulu aja ali pamaondo. Ndinawatengera mlamba wokazinga ndi chikondamoyo. Sanandizindikire. Ankandiyesa dokotala wa timu. Anandigwira pamkono, ndipo mphamvu zikadalipo ndithu.

"Adokotala, nditulukamo liti muno?" anandifunsa. "Kwathu kuli maliro a amayi anga. Mng'ono wanga sangathe yekha, sachedwa kulira ameneyo."

Ndinawauza kuti mng'ono wawoyo wamva zonse, ndipo sanakwiye.

Anaseka pang'ono. "Simumudziwa Wendell inu."

Atatero anayamba kudya mlamba uja, akuchotsa minga mosamala monga ankatichitira tili ana. Ndinakhala nawo mpaka anagona. Za ku Canton sindinawauze, iwonso sanafunse.

Mayi Dombrowski akuti ayesanso chaka chamawa, ndipo ndawalonjeza kuti ndidzalankhula kulikonse kumene angandiitane. Koma dokotala wa kunyumba ya okalamba ija akuti mtima wa achimwene wafooka kwambiri, mwina Febuluwale wina sadzamuona.

Pempho langa ndi limodzi. Mwala wa pamanda a amayi uli ndi mayina awiri a ana, lanu ndi langa. Ndine amene ndinaletsa wosema uja kulemba lachitatu, inu mukundichonderera ndi misozi, ndipo munandimvera chifukwa chofuna mtendere. Chonde pitani kwa ana a malemu Tolbert, ndamva kuti ntchito yosema miyala anaipitiriza, akalembe dzina la Hosea. Alilembe pamwamba pa athuwo, poti ndiwo oyamba kubadwa. Ngati malo achepa, afafanize langa alilembe m'munsi. Akamaliza mujambule chithunzi munditumizire msanga. Ndikufuna ndikawaonetse achimwene akadali ndi maso, kaya akazindikira kaya ayi.

Inunso mundikhululukire. Zaka makumi anayi mwakhala mukuphika kawiri, kuitana mlongo wanu mmodzi lero, wina mawa, kuti tisakumane.

Mundiperekere moni kwa alamu a Purvis, kwa azakhali a Ozella ngati akumvabe, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, ndi kwa abusa a kutchalitchi kwathu. A Loretta akuti akuimbirani Lamlungu mukaweruka kumapemphero.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,

Wendell