Atate Ako Agula Mpeni

Kabwata, Lusaka

Wokondedwa mwana wanga Hector,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko ku Manchester? Nanga mpongozi wanga Stephanie ndi adzukulu anga Kevin ndi Abby, amene ndimangowaonera pagalasi la foni? Kuno tiliko. Ine ndi mawondo omwe aja, akamva mitambo amayamba kuimba. Mlongo wako Virginia ndi banja lake ku Chelstone ali bwino. Za atate ako ndiye zimene ndakhalira pansi.

Usadabwe kuona kalata. Pafoni sindingathe, chifukwa atate ako amakhala pambali panga khutu lili tcheru, iwenso umakhala ukuthamangira kuchipatala kuntchito. Pakamwa ndi panga, dzanja ndi la amai Judith a kuchigwirizano. Akatha aijambula ndi foni akutumizire. Ndawauza kuti asandikonzere mawu, alembe mmene akutulukiramu.

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi ba Kampamba, aja a kasitolo ka ziwiya kuseri kwa City Market. Kaya uwakumbukira. Mdala wa Chibemba, wamtali, wadazi, amene tinagulako mapoto a kicheni pate ya Virginia, phwando lija la ziwiya asanakwatiwe. Akanapanda iwo, bwenzi mpaka lero ndikuti atate ako angodwala basi. Koma ndisayambire kumchira.

Ukudziwa kuti mutu wa atate ako unayamba kutaya zinthu. Poyamba anali makiyi, kenako maina a maneba. Chimene sindinakuuze ndi chakuti tsiku lina anandiyang'ana mwaulemu, nandifunsa kuti amai, mwabwera kudzaona ndani pano. Ndinaseka pamaso pawo, ndinakalirira kubafa.

Koma Loweruka, mwanawe, Loweruka silinkawasochera. Ankadzuka, kumeta ndevu, kuvala jekete lija la bulauni ndi chipewa, nkunena kuti ndikaone mpeni m'tauni. Ankakwera minibasi okha. Madzulo ankabwera chimanjamanja, koma akuimba mluzu. Ankadya mpaka kupempha kuwonjezera, ndipo ankandiitana Wini, monga kale.

Ine ndinkawakalipira. Ndinkati munthu wagwira m'butchala ku Heavy Industrial Area mpaka imvi, mipeni ili mbwee m'dilowa, wina ngwachiyani? Iwo ankangoti sunaoneke, ndidzapitanso. Ndinkati ndi matenda omwewo.

Ndiye linafika tsiku lija anakwera basi yolakwika. Anawapeza a mumpingo mwathu ataima pamsewu ku Chunga, akufunsa anthu njira ya ku Katete. Virginia analira, nakuimbira foni. Iwe unachita chimene mwana wabwino angachite. Unamva kuti atate asochera pofuna mpeni, unati mpeniwo uwapeze kunyumba. Sindikukudzudzula, umve bwino pamenepo.

Katundu anabwera ndi munthu wa njinga yamoto, bokosi lili kumsana. Virginia anachoka ku Chelstone dala kuti adzajambule. Titatsegula, eee, mipeni yobaya m'chipika cha thabwa, waukulu, waung'ono, wina wa mano ngati sowo, yonse yonyezimira moti ungadziyang'anirepo. Ndisaname, ndi yabwino. Tomato imangodutsa osamufinya, kabichi imatuluka ngati tsitsi.

Virginia anawauza kuti adadi manje simuzavutika na mabasi, Hector wagula pa intaneti, wangodina foni ali konko ndipo sitolo ya kuno yatumiza. Atate ako anafunsa kuti anaigwira ndani asanagule. Virginia anaseka, nati palibe wogwira, munthu amaona chithunzi ndi zimene alemba ena amene anagulapo. Iwo anati ooh.

Anasolola umodzi. Sanauyese pachikhadabo monga amachitira ndi chilichonse chakuthwa, ngakhale lumo. Anangouyang'ana, nafunsa kuti kodi Hector wanyamuka? Virginia anati ayi adadi, ntchito, mapepala, mwina chaka chamawa. Anaubwezera pamalo pake pang'onopang'ono. Anayang'ana foni nanena zikomo. Zikomo ameneyo ndi amene unamuona iwe, ndipo unandiuza kuti wakondwa.

Foni itazima ananena mawu awiri okha, akuti wadula njira. Ine ndinali kalikiliki kupinda bokosi kuti ndidzasungiremo nsapato. Ndinamva, koma sindinamve.

Kuchokera pamenepo jekete silinatsike pamsomali. Loweruka linkabwera nkupita iwo ali pampando, akuyang'ana khoma. Chakudya ankangochigwira ndi kuchisiya. Buluku linayamba kugwa, ndinaboola lamba kawiri. Dzina langa linathera pomwepo. Virginia anabwera ndi abusa a kutchalitchi kwawo, anapemphera mpaka thukuta, atate ako anangowathokoza ngati alendo opempha madzi. Kukiliniki anati matendawa ndi mmene amayendera. Ife tinkati bola sakusocheranso.

Dzulo, lomwe linali Loweruka, ndikuchapa panja, ndinamva odi pageti. Kuyang'ana, ba Kampamba, atavula kapusi. Akuti anafunsafunsa kutchalitchi mpaka anawalozera nyumba. Anati muli shani ba mayo, nabwela kuona uja mudala wodya mbeba, mpando wake ku shopu uli chabe na fumbi, kapena anafa osanilaila, osatsanzika nkomwe? Ndinati alipo, wodya anyani inu, lowani. Ukudziwa chimbuya chathu ndi Abemba, ngakhale pamaliro timatukwanana.

Koma atasuzumira pawindo nawaona mmene akhalira, nthabwala inawathera. Anakhala pa ndowa yanga yochapira, nayamba kundiuza.

Akuti atate ako akafika kusitolo ankakhala pampando pafupi ndi kauntala, nkuitanitsa mipeni. Uliwonse ankauika pachikhatho kumva kulemera kwake, kuugogoda ndi chala nkutchera khutu, kuuyendetsa pachikhadabo, kumeta nawo cheya cha pamkono. Ba Kampamba ankati mudala, wosendela mbeba sitigulitsa. Iwo ankayankha kuti nanga ndingaupeze bwanji, poti mwadzaza shelefu ndi ya anyani. Azimai ogula ankaseka mpaka kuiwala chenji. Ena ankachita kudikira Loweruka kuti adzagule atate ako alipo.

Akuti mpeni anausankha kalekale. Wa chigumbu cha mtengo wakuda, wosanyezimira nkomwe. Ba Kampamba anauchotsa pashelefu naubisa pansi pa kauntala. Loweruka lililonse ankautulutsa, atate ako nkuugwira, nkuubweza. Atawafunsa kuti nanga simugula bwanji, ndi pamene anawauza. Anati uwu ndi wa mbuzi ya Hector. Kwathu mpeni wophera mlendo mbuzi sugulidwa mlendoyo asananyamuke. Ukafulumira kuubweretsa m'nyumba, umadula njira yake.

Hector, sopo anandigwa m'manja. Mawu amenewo ndimawadziwa. Anandiuza agogo ako, amai awo a atate ako, ndili mtengwa watsopano ku Katete. Nthawi imene atate ako aang'ono aJesse ankabwera kuchokera kumigodi, mbuzi inali pachingwe, koma mpeni anadikira mpaka uthenga utafika kuti akwera sitima. Sindikudziwa ngati mabanja ena amatero, koma kwa atate ako ndi mmene zinalili. Ine wa mutu wabwinobwino ndinaiwala. Amene timati aiwala zonse ndiwo anasunga.

Ba Kampamba anati pampando paja atate ako sankaiwala kanthu. Ankakamba za iwe, mmene unathyokera mkono pamtengo wa mango wa kwa aMulubwa, mmene unkabera chiwindi pambale nkunamizira mphaka. Kevin ndi Abby ankawatchula maina, ana amene sanawanyamulepo. Ankati akadzabwera ndidzasenda ndekha, chiwindi ndidzampatsa m'manja kuti asabenso.

Tsono iwe taganiza. Munthu akuyenda ulendo wonse uja kukagwira mpeni nkuusiya, kuti njira yako ikhale yotsegula. Kenako ikufika mipeni chipika chathunthu, yochokera kwa mwini wake wa njirayo. Iwe unatumiza chikondi. Iwo anamva kuti mwana wanena yekha kuti musandidikire.

Apa ndiye pali chimene ndakulembera. Amai Judith aima kulemba akundiyang'ana, ndawauza kuti lembani.

Ndinapukuta manja, ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. Ndinati atate ake Hector, mwana wanyamuka. Ndinati mipeni ija si yake, anatumiza ndi mkazi wake, ya kukhichini kwanga, mwana wa eni sadziwa za kwathu. Hector ali panjira.

Bodza, mwanawe. Ine mai wa chigwirizano, wovala bulauzi yoyera, ndinanama ndili chogwada. Ndamunamiziranso Stephanie, undipepesere.

Atate ako anadzuka pampando. Kenako anati, Wini, jekete.

Tinapita atatu, ine ndi iwo ndi ba Kampamba. Titatsika m'tauni, pakati pa anthu onse aja, mawilibala, ogulitsa zovala za salaula, makondakitala akukokerana anthu, atate ako ndi amene anali patsogolo. Ine ndi mawondo angawa ndinkachita kuwakuwira kuti dikirani. Sanaphonye ngakhale kona imodzi.

Kusitolo anapukuta okha fumbi pampando. Ba Kampamba anatulutsa mpeni uja. Atate ako anauika pachikhatho, anaugogoda, anatchera khutu, anameta pamkono. Kenako anayamba kutsitsa mtengo, akuti Mbemba akakuuza mtengo woyamba ndiye kuti wawerengera ndi msonkho wa anyani. Ba Kampamba anafuna kuwapatsa ulere, iwo anakana, akuti mpeni wa mwana wanga sindipemphetsa. Analipira. Ba Kampamba anaukulunga m'nyuzipepala atatembenukira kukhoma, chifukwa bodza langa analimva ali panja ndipo maso awo anali atafiira.

M'basi pobwerera atate ako anaufungatira pamtima ngati khanda. Anauza mai amene anakhala naye pafupi kuti mwana wanga akubwera kuchokera ku Mangalande, mbuzi tikaona ku Chibolya. Maiyo anati mwadala ba shikulu. Madzulo anadya, anapempha kuwonjezera.

Ine ndiye sindinadye. Zinandifika tili m'basi momwemo. Ngati mawu a agogo ako ali oona, ndiye kuti mpeni walowa m'nyumba iwe usananyamuke, ndipo wadula njira yako ndine, mai wako. Ndine wa mpingo, ndikudziwa kuti chitsulo sichitseka ndege. Koma ndakhala ndi atate ako kuyambira ndili mtsikana, zimene amaopa iwo zinandilowa m'mafupa.

Virginia nditamuuza pafoni anakwiya. Akuti mami mwawakweza pamtengo, manje muzawaselusa bwanji? Akunena zoona. Sindikudziwa kuti bodza limakhala nthawi yaitali bwanji m'mutu wodontha. Mwina mawa aiwala. Mwina saiwala, azingofunsa. Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri pa ziwirizi.

Ndiye ndikupempha, mwana wanga. Sindinakupemphepo kuti ubwere, ndinkati ntchito ndi ntchito, mapepala ndi mapepala, ndipo zimene umatumiza ndi zimene zatisunga. Lero ndikupempha. Usatumize kanthu. Usadine foni. Ngati simungathe nonse, bwera wekha, ngakhale masiku ochepa, ngakhale ndi kachikwama ka m'manja. Nyamuka, kuti mawu amene ndinanena ndili chogwada asanduke oona atate ako akadali kudziwa kuti Hector ndani. Ngati sizingatheke ndithu, undiuze ine mosabisa, ndidzaona mmene ndingasenzere. Koma usawauze iwo pafoni.

Lero m'mawa chandidzutsa si tambala wa aneba. Ndamva kwee, kwee, kwee. Kutuluka, ndapeza atate ako asesa bwalo lonse, amangirira chingwe pamtengo wa gwafa pomwe mbuzi idzakhale. Iwo ali pageti, m'jekete, mwala wonolera uli pakati pa miyendo, kabotolo ka madzi pambali. Kutchalitchi akana, akuti ungafike nyumba ili yotseka. Galimoto ikachepetsa liwiro pamsewu wathu amaimirira, ikadutsa amakhalanso.

Nditawapatsa tiyi anandigwira dzanja. Anati Wini, akafika usalire, umuchititsa manyazi pamaso pa ana ake.

Upereke moni kwa Stephanie, umuuze kuti mipeni yake ndikugwiritsa ntchito. Kevin ndi Abby uwapsompsone m'malo mwanga. Ba Kampamba akuti wodya mbeba wamng'ono abwele azalipile fumbi la pampando. Ambuye akusunge, akutsegulire njira imene ife tatseka ndi manja athu.

Ndilekere pano. Akundiitana panja, akufunsa ngati ndege imatera m'mawa kapena madzulo.

Ndine amai ako,
Winifred, amake Hector