Chulu cha Anaphiri

Lachitatu, Malichi 1956, ku Mtakataka.

Lero mtima wapepukako, koyamba chimwalirireni Anaphiri, mkazi wanga, masabata atatu apitawa.

Bwana wogula thonje, amene ndimawalembera makalata, akukonza kabwalo ka gofu, masewera omenya kampira kuti kalowe m'maenje, kuseri kwa msika. Dziko la kuno ndi lachigwa, chokwera chake ndi chulu chokha cha m'malire a munda wathu. Bwanawo amati chikubisa dzenje lachitatu, antchito achigumule Loweruka. Pachulu pomwepo ndi pamene Anaphiri anabzala maungu awo omaliza.

Nditawapeza pachulupo lero, ndinalimba mtima. "Bwana, buku lanu la gofu lija limati kampira kopita kumtunda kamafooka msanga, kotsetsereka kamathamanga. Mukachotsa chulu, maenje onse afanana."

"Iwe Yohane, limenelonso unawerenga?" anaseka.

Anamenya katatu, kampira kakukwera chulu n'kugubudukira kwa iwo omwe. Kachinayi kanadumpha, iwo n'kukuwa ndi chimwemwe.

"Chisiyeni chulucho!" anauza kapitawo.

Za maungu sindinawauze. Dzungu limodzi kampira kalivulaza, koma anayi ali bwino, ndipo mbewu yake ndidzasunga. Kaya tsiku lina ndidzawauza...