Musandiimbire Ine, Imbireni Dailes

Joni, 14 Juni 2015

Okondedwa achimwene a Obed,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Nzama pamodzi ndi alamu anga? Makamaka ndimve za amayi. Chifuwa chija chatsika, kapena akadali kuchipatala?

Ine kuno thupi lili bwino, koma ndili ndi mantha. Mukukumbukira tsiku lija munandiimbira kuti malume a Cyprian atisiya? Foni ija inandipeza pantchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndikumwetsa tiyi gogo wina wachizungu. Achimwene, mukundidziwa ine. Kapu ndinaitaya, manja kumutu, n'kuyamba kubuma monga timachitira kwathu, kuitana malume ndi mfunda wawo. Agogo aja ananjenjemera, manesi n'kubwera chothamanga poyesa kuti kwabuka moto.

M'mawa mwake abwana anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa kalata ya chenjezo. M'menemo muli liwu la Chingerezi limene sindidzaliiwala, lakuti outburst. Ndinafunsa Dailes, mnzanga wa ku Lizulu amene timakhala nyumba imodzi. Iye anati limanena chinthu chotuluka mwadzidzidzi ndi mphamvu, monga madzi paipi ikaphulika, ndipo kuno amalinena munthu akakalipa kapena kulira mosadzigwira. Tamvani zimenezo! Kulira malume amene anandilera, ati ndi paipi yophulika. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu munthu wouma m'maso pamaliro anthu amamukayikira, koma abwana anangoti zikachitikanso ntchito yatha. Ndipo ntchito ikatha, mapepala anga okhalira kuno nawonso atha.

Chiyambire pamenepo foni ikalira m'thumba la yunifolomu, ndimaopa kuyankha. Dzana anali alamu chabe, kundiuza kuti mbatata zachita bwino chaka chino, koma ndinathawira kuchimbudzi n'kuyankha nditaluma mpango.

Pempho langa ndi limodzi. Za amayi zikavuta, dzanja likukana kulemba mawu enieniwo, musandiimbire ine. Imbireni Dailes. Tapangana kuti sadzandiuza pafoni. Adzabwera kudzandidikira pageti ndikaweruka, n'kupita nane kunyumba kuti ndikalire chitseko chili chotseka. Amayi musawauze zimenezi, angaganize kuti ndikuwakumbira manda ali moyo.

Tsopano ndikaweruka ndimayamba ndasuzumira pawindo kuona ngati pageti pali munthu. Lachiwiri ndinasuzumira, ndipo Dailes anali ataima pomwepo. Ndinangokhala pansi pakhonde, dzanja kukamwa. Iye osadziwa kanthu, anangondibweretsera jekete poti kunazizira. Ndamuuza kuti pageti paja asadzapondeponso kufikira tsiku limenelo.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndikuwapempherera, ndipo azidya ngakhale pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Eliness