Wosauka wa Adona pa Lachinayi Loyera

Kraaifontein, Cape Town
2 Epulo 2018

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti Pasaka mwadya bwino pamodzi ndi mwana wanga Pitilani. Ine m'thupi ndili bwino, koma Ukaristia sindinalandire, ndipo ndati mumve kwa ine musanamve kwa ena.

Mwanahalima watisiya. Ndi Msilamu uja wa ku Ntaja amene anandisunga m'kanyumba kake ka malata nditangofika kuno, a mpingo wathu atandiuza kuti malo alibe. Anamwalira Lachinayi Loyera m'mawa. Mng'ono wake Binti anandiimbira foni ndili kuntchito ku Constantia, amvekere, "Achemwali, fulumirani mudzatsanzike, tiika lero lomwe."

Adona anga ndiwo apampando a gulu la Chilungamo ndi Mtendere kuparishi kwawo. Pakamwa pawo sipachoka mawu akuti munthu aliyense ndi chifaniziro cha Mulungu, komatu chifaniziro chinochi chimamwera kapu yakeyake, yokhala pansi pa sinki pamodzi ndi mbale ya galu. Chaka chino a gululo anapangana kuti aliyense abwere ndi wosauka wake, adzamusambitse mapazi pa Misa ya madzulo. Wosauka wa adona ndinali ine.

Nditapempha kupita kumaliro, anati, "Ellina, maliro a kwanu amatha sabata yathunthu, udzapita Loweruka. Ukandichititsa manyazi lero, usabwerenso pano." Ndinawafotokozera kuti Asilamu sagoneka maliro. Iwo anangondipatsa sopo wonunkhira ndi chowengera zikhadabo, ati ndiyambe ndasamba ndekha bwinobwino.

Amayi, ndinachita mantha. Ndinaganiza za sukulu ya Pitilani, ndipo ndinakhala. Pamene Binti ndi amayi anzake ankasambitsa Mwanahalima thupi lonse, ine ndinali kuseri kwa galaja, kukwecha zidendene kuti manja a adona asakhudze ming'alu. Madzulo ku Misa adona anagwada, nadontheza timadzi paphazi loyera kale, nkhope atalozetsa kwa wojambula zithunzi. Mpaka misozi inatuluka, sindikudziwa kumene anaitenga. Titabwerera kunyumba, kapu yanga ndinaipeza pomwe paja.

Ku Misa kuja, anthu akupita kukalandira Ambuye, ine ndinangokhala pabenchi. Ndikanalandira bwanji mtima utadzaza kunyoza? Ndipo sindikudziwa amene ndikumunyoza kwambiri, adona kapena mwana wanuyu. Inu munandiphunzitsa kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Changa chinali ndi ntchito ya ku Constantia yokha.

Loweruka ndinapita kwa Binti. Sanandikalipire. Anangoyang'ana pansi nati, "Koma ndiye mapazi ayera, achemwali."

Chonde Amayi, mukwere minibasi mukapepese maliro kwa mayi a Mwanahalima ku Ntaja, muwatengere nsalu ndi shuga m'dzina langa. Akakakufunsani ngati ndinalipo, musakandibise. Mukawauze kuti ndinali kutchalitchi.

Moni kwa a mphakati onse. Pitilani mumuuze alimbikire sukulu, pakuti yandidulira kwambiri.

Ndine mwana wanu wofuna mapemphero anu,
Ellina