Mgolo wa Mphesa za Kumtunda

Lolemba, 12 Januwale

Khofi wam'mawa, madzi otentha akuda basi. Tchizi ngati sopo. Chimfine chinatha Khirisimasi isanafike koma mphuno sizinabwerere. Palibe amene ndamuuza.

Sabata yamawa tikusakaniza vinyo wa m'migolo yathu kuti akhale mmodzi, koyamba popanda Bambo. Chidwalireni sitiroko sayankhula, mbali yakumanja inafa. Choko cholembera mtanda pa mgolo wokanidwa anandipatsa ine chaka chatha. Kwathu kuno amalemba ndi munthu mmodzi yekha. Ine, wa digiri ya zavinyo, wosamva ngakhale fungo la galu wonyowa.

Lachitatu, 14 Januwale

Ndinatsikira ku migolo. Kukoka vinyo, kuzunguza tambula, kulowetsa mphuno, kulawa, kulavula. Sewero lokhalokha. Lilime likumvabe kuwawasa ndi kuuma kwa m'kamwa, koma vinyo wathu sadziwikira palilime. Bambo ankati vinyo wathuyu, Clos Darrigade, ndi wa pamphuno: dothi mvula itangogwa, maula akuda, kafungo ka pensulo yongosongola kumene. Mibadwo inayi, fungo lomwelo. Ndikulikumbukira ngati nkhope ya munthu amene anamwalira.

Achimwene a Gaspard akufuna tiitane katswiri wa ku Bordeaux, uja akakhudza vinyo wa aliyense amafanana ndi wa mnzake. Ndakana. "Iwe Solène, pulofesa wa vinyo, usatipangire viniga chaka chino," anatero akuseka. Nanenso ndinaseka.

Loweruka, 17 Januwale

Adokotala a ku Libourne: mwina miyezi ingapo, mwina chaka, mwina basi. Ati ndizinunkhiza ndimu tsiku lililonse. Ndinagula, ndinakanda khungu lake m'galimoto, ndinanunkhiza mpaka misozi.

Pobwerera ganizo linandibwerera. Mphuno ya Bambo ndi yamoyo. Nkhope yawo ndaiwerenga kuyambira ndili mwana: vinyo akawakomera amatsinzina, akawanyansa amakweza nsidze. Nsidze imodzi ikugwirabe ntchito.

Kuba mphuno ya munthu wodwala. Ndafika pamenepo.

Lachiwiri, 20 Januwale

Mayi atapita kumsika ndinawatengera Bambo matambula pa thireyi, mgolo uliwonse yakeyake. Ananunkhiza imodziimodzi, osafulumira, ngati kale. Kutsinzina. Kutsinzina. Kutsinzinanso. Atafika pa ya mgolo wa kumtunda, nsidze m'mwamba. Anaikankha ndi dzanja lamoyolo, vinyo yense pabulangete.

Wa kumtunda! Mphesa zimene anabzala agogo awo. Zimabala pang'ono, mgolo umodzi wokha, koma ndiwo msana wa vinyo wathu. Sunasiyidwepo kunja chiyambire.

Ku labotale ati ulibe vuto. Mwina Bambo amva fungo lija la khola la akavalo, limene limayamba pang'onopang'ono n'kudzaononga vinyo yense m'mabotolo. Mwinanso ndi mutu wodwala, kapena dzanja linangoterereka. Ndikauthira uli woola, ndapha chaka chonse ndi dzina lathu. Ndikausiya uli wabwino, vinyoyo si Darrigade.

Ndinanunkhiza bulangetelo ndisanalichape. Ubweya wonyowa pamphuno, zii.

Lachinayi, 22 Januwale

Ndalemba mtanda pa mgolo wa kumtunda. Mtandawo wapindika.

Achimwene atauona ndinawauza kuti aukana ndi Bambo. Iwo: "Wapenga iwe? Ukumvera Bambo, oti sadziwa ngakhale kuti lero ndi lachingati?" Ananunkhiza okha, ati uli bwinobwino. Koma iwo ndi osuta fodya, mphuno zawo n'zosadalirika, ndipo zimenezo akuzidziwa. Anandipatsira tambula. "Nunkhiza pamaso panga pano, pulofesa. Undiuze chavuta n'chiyani."

Ndinalandira. Ndinazunguza. Ndinalowetsa mphuno nthawi yaitali, ndikupempha ngakhale kafungo koipa komwe.

Ndinaika tambula pamgolo n'kuwauza zonse.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Kuyambira liti, mlongo wanga?" Kenako anakwera masitepe kukaimba foni. Katswiri uja afika Lolemba.

Mtanda sanaufufute. Choko sanandilande, chidakali m'thumba la jekete.

Ndinapita pawindo pamene amakhala Bambo. Ndinagwada, ndinawagwira dzanja lamoyolo, ndinawauza kuti wa kumtunda ndausiya kunja monga ananenera.

Anatsinzina. Kaya n'kuvomera, kaya ndi tulo.