Galimoto Yakuda Idafunsa za Munda Wathu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Lachiwiri pa Nsaru padaima galimoto yakuda, yamagalasi osaonetsa mkati. Amakaniko awiri adayamba kutsutsana. A Phiri adati, "Zamakonozi n'zokongola, taonani nyali zing'onozing'onozo!"

A Banda adakana. "Kukongola kuli pati? Nkhope yolusa ngati njoka! Zakale zinkaoneka ngati zikumwetulira."

Ine ndinkangoseka, mpaka galasi lidatsika pang'ono. Mwamuna wina adafunsa njira ya kumunda wathu wakudambo, akutchula dzina lanu lonse.

Dzulo idabweranso, ndipo m'mawa uno tapeza zikhomo zofiira m'malire. Kodi mudalonjeza munthu malowa? Chonde imbani msanga, amayi sindidawauzebe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Nachisale