Mtumbira wa Munthu Wamoyo Panjira ya Paipi

Kanyama, Lusaka
Mwezi wa Okutobala

Okondedwa mlongo wanga aNankhoma,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yokolola, kodi unaleka kutupa? Ine kuno ndilipo. Ndibwereze kuti mumvetse bwino: ndilipo, ndikudya, ndikuyenda ndi miyendo yanga, ndipo dzulo ndakhoma mbaula tsiku lonse ndi manja angawa.

Wogwira cholembera ndi mwana wanga Maud, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asachotsepo kanthu ngakhale pamene pakuwawa, ndipo akamaliza ndikapatsa munthu wina andiwerengere, ndione ngati wandisalazira mawu. Foni sindinaimbe chifukwa foni yomwe mumalankhulirapo ndi ya mwana wanu Wilbroad, ndipo nkhani yake ndi ya iye yemweyo. Kalatayi ibwera ndi Marjory, mwana uja wa aSakala amene amagula nshawa kumeneko n'kudzagulitsa kuno ku msika wa Soweto. Mupite nayo kwa aBenedict a kutchalitchi akakuwerengereni. Wilbroad asaigwire.

Za kuno n'zonyansa. Malaiti amabwera anthu tili m'tulo, tikamadzuka apita kale. Akuti madzi ku damu la magetsi la Kariba atsika. Malasha akwera moti anthu akugula a m'kapulasitiki, ongokwanira kuwiritsa tiyi, ndipo ufa ndisanene n'komwe. Ngalande zonse zadzaza zinyalala, mvula ikangogwa tidzasambira m'nyumba monga mwa chaka chilichonse. Mnansi wanga Kasoma, mBemba wowotcherera zitsulo, makina ake ali chigonere chifukwa cha malaiti omwewo, ndiye amangokhala pa shedi yanga kundisowetsa mtendere.

Pakati pa mavutowa pabuka nkhani ya gasi. Pawailesi akungonena zomwezo, kuti dziko lisamadalire madzi a ku Kariba okha, koma pakumbidwe mapaipi odutsa malire obweretsa gasi, ina ichokere ku Tanzania, ina ku Mozambique, ena akutchulanso Angola, kuti uku kukatsekeka, uku izibwerabe. Kaya adzakumbadi, kaya ndi zokamba chabe, sindidziwa. Kasoma amandiseka nazo. Amati, "Ba Nkhoma, gasi ikabwela, izi mbaula zanu muzayamba kuvala kumutu monga visote." Ine ndimamuyankha kuti ibwere. Zitofu za palafini zinabwera, zinapita. Za magetsi zinabwera, lero eni ake akuima pa shedi yanga kundichonderera kambaula ngakhale kakang'ono.

Ndipo ndikuuzeni, ine sindinapondeko kusukulu, koma nzeru ya mapaipi angapoyo sindikuitsutsa. Inenso migolo ndi malata okhomera mbaula sindigula kwa munthu mmodzi. Wa ku Chibolya akandikwezera mapewa, ndimapita kwa wa ku Matero. Ndi paipi sindinayambane nayo ayi. Ndayambana ndi anthu a kwathu.

Lamlungu lapitalo titaweruka kutchalitchi, Marjory anafika pakhomo. Ndinamupatsa mpando, anakana. Maud anamupatsa madzi, sanamwe. Anangondiyang'ana, kenaka anandigwira dzanja n'kulifinya ngati akuyesa papaya pamsika. Ndinamufunsa kuti kodi wadwala. Iye anati sanadwale, koma amafuna atsimikize kaye. Atatero anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi.

Malowo ndinawazindikira msanga. Ndi pabwinja pathu paja, pafupi ndi mkuyu, pomwe panali mudzi wa agogo tisanasamukire kumsewu. Koma pachithunzipo panali mitumbira ya manda, mzere wathunthu, uliwonse ndi mtanda wake. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa, kuti pamenepo sipanaikidwepo munthu. Manda athu ali tsidya la mtsinje.

Marjory anafotokoza kuti kumeneko kunamveka mphekesera yoti paipi ya ku Mozambique idzalowera pa malire a Chanida n'kudutsa m'minda yathu. Akuti kunabwera anthu pagalimoto, anayezayeza, n'kukhoma chikhomo chofiira pafupi ndi bwinjalo. Palibe amene anawafunsa ngati ndi a paipi, a msewu kapena ofuna miyala. Pambuyo pake kunatulukira mnyamata wina wa nsapato zosongoka, dzina lake Rodgers, wodzitcha ejenti. Ameneyo ndiye anauza anyamata kuti paipi ikadutsa m'munda chipepeso chake n'chochepa, ikadutsa panyumba n'chokulirapo, koma ikapeza manda ndiye eni paipi amanjenjemera, amalipira chilichonse kuti mafupa asamutsidwe. Basi Wilbroad ndi anzake anatenga makasu. Anaunjika dothi, anawazapo udzu wouma ndi masamba, mitanda anapangira matabwa a chitseko chakale n'kuipaka matope kuti ioneke ya kalekale.

Ndinauza Maud kuti andiwerengere maina. Anawerenga a agogo, a azakhali, anthu omwe anagona kale tsidya lija. Atafika pa mtanda wakumapeto anafuna kubweza foniyo kwa Marjory. Ndinati werenga. Anawerenga: Whyson Nkhoma. Dzina langa, mlongo wanga, lomwe anandipatsa atate. Pansi pake analembapo ndi chaka chomwe ndinamwalira, ndipo chakacho n'chakuti Maud anali asanabadwe. Mwanayo anayamba waseka, n'kufunsa kuti nanga iye atate wake ndani. Kenaka analowa m'nyumba kukalira.

Akuti maina a akufa anawathera, ndiye wina anati tiikepo atsibweni aja a ku Lusaka, ndani akuwadziwa kuno. Wilbroad, muphwa wanga, amene ndinamunyamula pamapewa tsiku la ubatizo wake, anavomera.

Marjory pakamwa pake sipatsekeka, ndiye pofika Lolemba nkhani inali kale kwa Kasoma. Mukudziwa chimbuya cha ife a kum'mawa ndi aBemba, kuti pamaliro athu iwo ndiwo amavina ndi kutinyoza, ife osakwiya. M'mawa ndikutsegula shedi, ndinangoona Kasoma wamanga chitenje m'chiuno, kumbuyo kwake azimayi awiri achiBemba ogulitsa tomato, onse akulira mokuwa manja ali kumutu. Anandithira ufa m'mutu ndi kumaso. Kasoma anagwada patsogolo panga n'kunena kuti, "Ba malemu, mwauka bwanji? Nanga kumanda malaiti yaliko? Ngati yaliko tiuzeni, tibwele tonse na ma welding machine." Msewu wonse unaseka. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani, mbuya sakwiyiridwa. Koma ndinaseka ndi mano okha.

Masana ake kunabwera mayi wina wa ku komboni ya John Laing amene wakhala akugula kwa ine zaka zambiri. Anasankha mbaula, anaigogoda, anainyamula. Wina atamunong'oneza, anaibweza pansi pang'onopang'ono n'kupukuta manja pachitenje. Anati sangaphikire ana ake pa mbaula ya munthu amene ali kale ndi manda. Ameneyo sanali kuchita chimbuya. Lachitatu kumapemphero a m'chigawo, pabenchi yomwe ndimakhala panatsala malo mbali zonse ziwiri, chonsecho anthu ena anaimirira kukhomo. Ine Whyson, amene ndakhala m'komboni muno chiyambire pomwe kunali thengo, lero anthu akundilambalala ngati chithaphwi.

Koma chimene chandinyansa koposa si mtanda, si ufa wa Kasoma. Marjory ananditengera pambali n'kundiuza kuti mitumbira inayo anangounjika dothi pamwamba, koma wangawo anayamba akumba dzenje, n'kuikamo thunthu la nthochi lokulunga m'mphasa, kenaka n'kukwirira.

Apa ndiye mumve bwino. Wilbroad za nthochi sazidziwa. Rodgers wa nsapato zosongoka sazidziwa. Mwambo umenewo tinauona inu ndi ine tili ana, pamene atsibweni athu anapita ku migodi ya ku Joni osabwerako, akuluakulu n'kuika nthochi m'manda m'malo mwa thupi lawo. Amene tinaona zimenezo tatsala atatu: ine, inu, ndi aNambewe omwe maso anafa ndipo satulukanso m'nyumba. Ine ndinali kuno. Ndiye ndikufunsani mosazungulira, mlongo wanga: anauza anyamatawo za nthochi ndani?

Mwina mudzati munachita mantha. Mwina munaona kuti dzina la munthu wamoyo pa manda opanda kanthu lingandikoke, ndiye munati aikemo nthochi kuti imfa ikhute. Ndaganizapo zimenezo, ndipo ndikufuna kukhulupirira kuti zinali choncho. Komatu nthochi amaikira munthu amene anthu aleka kumudikira. Ngati munafuna kunditeteza, mukanazula mtandawo. Inu munaukonza kuti ukhale bwino.

Musandiuze za njala. Ndikudziwa kuti chimanga chinapsa ndi dzuwa, ndikudziwa kuti nkhokwe zili pululu. Kunonso njala ilipo, tikudya kamodzi, koma sindinalembepo dzina la munthu wamoyo pamtanda kuti ndidye. Musandiuzenso kuti ndinakhalitsa kutauni. Kukhala kutali si kufa. Mwini mbumba yanu ndine, palibe anandilanda, ndipo nkhani ya bwinja la agogo sikanayenera kuyamba popanda kundifunsa, ngakhale kungotumiza mawu pa Marjory yemweyu.

Maud akuti ndikuchulutsa mawu, akuti mwina paipiyo sidzadutsa n'komwe kumeneko, anyamata angotopa ndi makasu pachabe. Mwina. Koma ine ndikuona patsogolo. Tauni ino yatha, mlongo wanga. Msana wanga sudzakhoma zitsulo mpaka kalekale, ndipo maganizo anga akhala oti ndidzabwerere kwathu, mundipatse kandime koti ndizilima ndi pomanga kanyumba. Tsono tsiku lomwe anthu a paipi adzabwere n'kuwerenga dzina langa pakati pa akufa, chipepeso n'kudyedwa, ine njira yakwathu yatsekeka. Ndikadzatsika basi ndi katundu wanga, Wilbroad adzayenera kunena kuti mkulu uyu sitimudziwa, apo ayi amangidwa. Mudzi wonse umene unadya nawo udzayenera kundikana. Ndipo inu, pakati pa mlongo ndi mwana wobala nokha, ndikudziwa amene mudzasankhe. Sindikukuimbani mlandu pa chimenecho, ndikungoti sindine wopusa.

Pempho langa ndi limodzi. Mvula isanagwe, itanani adzukulu okumba manda, apite pabwinjapo dzuwa lili pamutu, anthu akuona, osati mobisa. Afukule nthochiyo aitaye kumtsinje, dzenjelo alikwirire, dothi alisalaze mpaka pakhale ngati pabwalo. Inuyo muimirire pomwepo, mutchule dzina langa mokweza, munene kuti munthuyu ali moyo ku Kanyama ndipo akubwera. Mtandawo musautenthe, musautaye. Mupatse Marjory abwere nawo kuno ndidzauone ndi maso anga, pakuti zongouzidwa ndatopa nazo. Za mitumbira inayo muone nokha ndi chikumbumtima chanu. Eni maina amenewo anagona, sangakutumizireni kalata.

Marjory akabwerako chimanjamanja, sindidzalembanso. Ndidzakwera basi ndi chitupa changa m'thumba, ndidzatsikira kumsewu, osalowa m'nyumba ya munthu, ndidzapita molunjika pabwinja. Ndidzamanga kamsasa pambali pa mtumbirawo n'kumadikira. Anthu a paipi akadzafika, kaya chaka chino kaya cha mawa, adzandipeza nditakhala pamwamba pake, ndidzawapatsa moni n'kuwauza dzina langa. Sindikufuna kuti mwana wa mlongo wanga akagone kupolisi, Mulungu akundiona. Koma kuti iye agone pabwino, ine sindigona m'manda ndili moyo. Zili m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti fodya uja ananditumizira ndinalandira. Moni kwa aNambewe, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa ana anu aakazi ndi amuna awo, kwa zidzukulu zonse, ndi kwa aBenedict amene akuwerengerani izi, andikhululukire powanyamulitsa mawu olemera. Maud akupereka moni kwa azakhali ake, akuti mumupempherere.

Kwa Wilbroad musapereke moni wanga. Akafunsa chifukwa, mumuuze kuti anthu a kumanda sapereka moni. Akafukula nawo nthochi ija ndi manja ake, adzamve moni kuchokera pakamwa panga.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu, wamoyo,
Whyson Nkhoma